Thanthwe Limene Linachita Dzimbiri

Panali mayi wina amene anakwatiwa kuchitengwa. Mwamuna wake atamwalira, alamu ake anamulanda dimba, n'kumulozera kaphiri ka miyala kuseri kwa mudzi. Ankafuna kuti njala imuthamangitse pamodzi ndi ana ake awiri, iwo osaoneka olakwa.

"Limani apo, mlamu," anatero wamkulu wa alamuwo. "Mukatopa, njira ya kwanu mukuidziwa."

Mayiyo anakwera kaphiriko. Anaona thanthwe lofiira pamwamba ngati lata lakale. Analisonkhera moto, n'kulithira madzi ozizira, ndipo linang'ambika. M'kati linali lakuda bii, lolimba, koma khungu lake lofiiralo linkanyenyeka m'manja. Anatsika ndi chidutswa chake, n'kuchifikitsa pamaso pa wamkulu uja.

"Taonani, alamu. Mwala uwu ukudyeka. Mvula ndi mpweya zinauyamba kale, ine ndingozithandiza. Pano sindichoka."

Anaswa miyala chaka ndi chaka. Ankakokera pamodzi dothi lofiira la m'ming'alu, n'kulitchinga ndi zidutswa za miyala yomweyo kuti lisakokoloke. Chaka choyamba anakolola nandolo wosadzaza lichero. Kulira ankalira, koma khasu lili m'manja.

Chaka chachisanu ndi chimodzi mtsinje unasefukira, dimba lija n'kukwiririka ndi mchenga. Wamkulu uja anakwera kaphiriko wefuwefu, kudzapempha mbewu ya chinangwa. Mayiyo anamupatsa mtolo wathunthu.

"Potsika musase mapazi, alamu," anatero. "Dothili ndinalivutikira."

Tsono inu ophunzira anga, amene mwabwera nkhope zili zakugwa, mukuti khama lanu likungolowa m'madzi, mverani. Kalekale mumlengalenga munalibe mpweya wa okosijeni umene timapumawu. Tizamoyo tating'onoting'ono tokhala ngati ndere tinkautulutsa m'madzi, koma chitsulo cha m'nyanja ndi cha m'miyala chinkangoumeza, n'kusanduka dzimbiri. Panapita zaka mamiliyoni ambirimbiri popanda chooneka. Tizamoyoto sitinaleke. Mapeto ake chitsulo chinalephera kumeza wonse, mpweya unayamba kuchuluka, ndipo unatembenukira miyala ija n'kuyamba kuidya mpaka lero. Kufiira kwa katondo amene mwaponda pobwera kuno ndi umboni wake.

Zimandipsetsa mtima munthu akamagonjera mwala chifukwa choti ndi wolimba. Nawonso mwala umakhuta. Mpweya umene mukupumawu anakusiyirani ndi amene anakana kuleka, ndiye musauwononge ponena kuti mwatopa.