Kabokosi Kovekedwa Jumbo

Panali munthu wina, kapitawo wa nyumba yosungira chimanga, dzina lake Dzoole. Munthu wosamala zinthu kuposa uyu simunamuone. Wailesi yake ya zaka zisanu inali idakali m'pulasitiki ya kusitolo, ndipo chishalo cha njinga yake sichinaonepo dzuwa.

Chaka china anankafumbwe analowa m'matumba. Kampani inatumiza mayi wina wodziwa za mankhwala. Anaika mapiritsi a mpweya wakupha pansi pa malona, natseka zitseko masiku asanu ndi awiri. Pochoka anamusiyira Dzoole kabokosi kokwana m'dzanja.

M'kabokosimo munali timagalasi tiwiri takuda, pakati pake kadontho ka madzi amene si madzi enieni. Mayiyo anati m'kadonthomo muli tinthu tosaoneka, toima chilili ngati ana asukulu pa mzere. Mpweya woipa ukatikhudza timayamba kugona. Tikagona tonse, galasi lakudalo limawala.

"Koma musadikire kuwala, bambo Dzoole," anatero. "Diso limachedwa. Mawaya awiriwa amayesa magetsi amene galasi lasunga. Tinthuto tikangopendekeka pang'ono, nambala imatsika. Ikakhala pa sikisite, lowani. Ikatsika, bwererani."

Tsiku lachisanu ndi chitatu, dzuwa lili paliwombo, lole inafika kudzanyamula chimanga. Dzoole anatsegula chitseko ali ndi mlamu wake Chikaonda, wonyamula matumba. Analozetsa kabokosi m'kati. Galasi linali bii, koma nambala inayamba kutsika yokha, pang'onopang'ono, ngati munthu akutsika makwerero mosafuna kumveka.

Anatuluka nako panja, inabwerera pa sikisite. Anafika pakhomo, inatsikanso.

"Kakuona chinthu, alamu," anatero Chikaonda.

"Kakuona fumbi. Galasi likuti mulibe kanthu. Zinthu zodula ngati izi sizifuna fumbi la chimanga."

Pamenepo Dzoole anachita chimene anazolowera kuchitira chinthu chilichonse chimene amachilemekeza. Anapita pamthunzi, napukuta kabokosi ndi malaya, nakaveka jumbo yatsopano, namanga pakamwa kawiri. Atabwerera pakhomo, nambala inaima nji pa sikisite.

"Mwaona? Kamangofuna ulemu."

Analowa. M'katimo munali zii. Mavu amene ankamanga kudenga sanamveke. Analimata anali atagwa chagada m'mbali mwa khoma. Makoswe asanu anagona pamzere, mitu yawo yonse italoza kukhomo.

"Alamu, muno mukununkha adyo," anatero Chikaonda.

"Ndi m'kamwa mwanumo. Achemwali anga amakudyetsani bwino."

Chikaonda sanaseke. Anayang'ana makoswe aja, nayang'ana kumene analoza, nayamba kuyenda cham'mbuyo mpaka dzuwa linamuwomba kumsana. Dzoole anapitirira. Anayang'ana kabokosi, kakuti sikisite. Anawerama, nakweza lona ndi manja awiri, nalowetsa mutu kuti aone ngati anankafumbwe afa.

Chikaonda anaitana kuchokera pakhomo. Anaitana ndi ulemu, kenako ndi dzina. Nyumbayo inangomubwezera mawu ake.

Chikaonda anamuimbira foni mayi uja. Iye anafika, navala chophimba kumaso, nalowa yekha. Anamupeza Dzoole atagona pambali pa makoswe, nayenso mutu utaloza kukhomo. Kabokosi kanali pachifuwa pake, koyera, kopanda ngakhale kafumbi, kakunenabe sikisite kwa munthu amene sankapumanso.

Mayiyo anang'amba jumbo ija ndi chala. Nambala inagwa nthawi yomweyo. Kenako galasi lakuda lija linawala pang'onopang'ono, ngati diso limene likutseguka.

Tsono inu amene mukumva, musamuseke Dzoole msanga. Sanaphwanye kabokosi, sanakataye, sanakanyoze. Anakakonda. Nanunso muli naye wina amene nambala yake imatsika zinthu zisanaoneke: mkazi amene amangoti chete mukatchula dzina lina, mnzanu amene saseka nthabwala zanu zina. Simumuthamangitsa ayi. Mumamugulira chitenje, mumamuyamikira pagulu, mumamukulunga bwinobwino mpaka asiye kukuvutitsani. Lero mukafika kwanu, mumuyang'ane. Ngati papita nthawi akungokuuzani kuti zonse zili bwino, fufuzani pamene munamanga mfundo, mumasule musanalowe.