Katswiri Ayankhiratu Inde

Pa kampani ina yogulitsa zitseko, maloko ndi mafelemu a mawindo panali mkulu woyang'anira makompyuta yemwe anzake ankangomutchula kuti Katswiri. Dzinalo anamupatsa momuseka, koma iye analilandira ndi manja awiri. Ofesi yake inali kachipinda kodzaza nthambo ndi makiyibodi othothoka mabatani, ndipo ali pampando pomwepo ankatha kulowa m'kompyuta ya nthambi iliyonse ya kampaniyo, ngakhale yakutali. Nthenda yake inali imodzi: munthu asanamalize kulankhula, iye anali atayankha kale kuti akudziwa.

Chaka chimenecho makompyuta onse ankafunika pulogalamu yaikulu yatsopano, ija imayendetsa zonse m'makinamo, pamodzi ndi timapulogalamu ta m'kati timene ena onse amatsamira. Bwana ananeneratu kuti tchuthi kulibe mpaka ntchitoyo itatha. Kunyumba nako moto unali utayaka. Mkazi wa Katswiri anali atalongedza kale zikwama za ulendo wokaona makolo ake, ulendo umene mwamunayo wakhala akuuzengereza kwa zaka. Anamuuza mosapsatira kuti akalepheranso, apita yekha ndi ana, ndipo za tsiku lobwerera asamufunse.

Mayi wina amene ankagwira naye ntchito m'kachipindamo analangiza kuti ayambe ndi kompyuta imodzi, aone mmene ikhalire, kenako nthambi imodzi. Katswiri anati zimenezo n'za ana asukulu. Chinkamunyansa n'chakuti pulogalamu yatsopanoyo polowa imafunsa mafunso ngati wapolisi: ichi ndichotse, ichi ndisinthe? Choncho analemba lamulo loti kompyuta iliyonse ikafunsa kanthu, yankho likhale inde.

"Bambo, mwawerenga zimene ikufuna kuchotsa? Pakati pakepo ndaonapo ka..."

"Ndikudziwa, mayi," anatero Katswiri, chala chili kale pabatani.

Pofika masana makompyuta onse anali atazima n'kuyakanso, akuthamanga ngati ogula dzulo. Katswiri anayenda m'khonde chifuwa chili patsogolo, mpaka anaimbira mkazi wake kuti asite malaya a ulendo.

Malayawo asanazizire, nthambi ina inaimba kuti makina osindikiza malisiti sakuyankha, ndipo alonda akukaniza makasitomala kutuluka ndi katundu opanda lisiti. Katswiri anati n'kanthu kakang'ono, nakhala pansi kuti alowe m'kompyuta ya kumeneko. Inamukana. Anayesa ya nthambi ina, nayonso inamukana. Mafoni anayamba kulira ngati achule a m'dzinja. Apa mpamene anawerenga zimene zinachotsedwa. Pa zinyalala zimene anasesazo panali kapulogalamu ka makina a malisiti, komanso kaja kamene kankamutsegulira iye mwini akamalowa ali kutali. Kompyuta iliyonse inali itafunsa mwaulemu ngati akutsimikiza, ndipo iliyonse inayankhidwa inde.

Kukonza kwake kunali mzere umodzi wokha wa lamulo, koma woulemba munthu atakhala pamaso pa kompyuta iliyonse.

Bwana anamvetsera atagwira chibwano, kenako anafunsa ngati makompyutawo awonongeka.

"Ayi bwana, ali bwino kwambiri. Kungoti sitingathe kulowamo."

"Pa kampani ya zitseko," anatero bwana, mawu ali pansipansi.

M'malo mwa tchuthi anamupatsa chikwama, kiyibodi ndi ulendo wa basi wozungulira nthambi zonse. Mayi uja atayamba kumufotokozera nthambi yoyambira, Katswiri anamvetsera mpaka kumapeto, zomwe zinadabwitsa mayiyo kuposa ngoziyo.

Foni ya mkazi wake inamupeza patapita masiku, atakwawira pansi pa kauntala ya nthambi yakutali, fumbi lili m'mutu, zitseko zatsopano zitatsamira khoma mbali zonse. Mkaziyo anati afika bwino, ana akusangalala, ndipo makolo sanadabwe kuti mkamwini sanabwere. Katswiri anamva chisoni ndi manyazi, nayamba kupepesa, koma mkaziyo anamudula.

"Ndikudziwa, bambo a ana. Komanso makiyi a nyumba ndabwera nawo kuno. Munthu wodziwa zonse ngati inu sangasowe polowera."

Foni inaduka iye akadali chogwada, nthambo ili m'manja. Akuluakulu sananame pamene anati Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.