Tipoti Wosapaka Utoto Mkati

Ku Japani, kumene anthu amalemekeza tiyi kuposa ngakhale ife a ku Thyolo, kunali mayi wina wamasiye woumba matipoti a dongo. Matipoti ake anali aang'ono, okwana m'dzanja limodzi, ofiira ngati dothi la katondo. Mkati mwake sankapakamo chilichonse. Tiyi wobiriwira wa kumeneko amafuna kukhudzana ndi dongo lenilenilo, chifukwa dongolo limachepetsa kuwawa, tiyi n'kutsala wofewa pa lilime.

Tsiku lina kunabwera wamalonda wa mumzinda, amene ankagula pafupifupi zonse zimene mayiyo ankaumba. Ananyamula tipoti mmodzi, n'kusuzumira mkati, n'kukwinya nkhope.

"Mayi, anthu a masiku ano amagula ndi maso. Izi zikuoneka ngati miphika ya kumudzi. Pakani utoto wonyezimira kunja ndi mkati momwe. Mukakana, ine sindibweranso."

Mayi uja anaganizira za banja lake. M'nyumba munali ana aakazi awiri ndi apongozi ake odwala, onse kuyang'ana manja ake. Kupaka utoto ankadziwa, sinali ntchito yovuta. Koma anayankha kuti:

"Bambo, kunjaku ndikhoza kukujambulirani maluwa amene mukufuna. Mkati ayi. Ndikatseka dongo, tiyi awawa, womwayo n'kumanena kuti masamba ndi oipa, pamene wolakwa ndine."

Wamalonda anachoka osatsanzika.

Ng'anjo ya mayiyo inazizira miyezi inayi. Anagulitsa zovala zake za ukwati kuti agulire apongozi mankhwala. Anzake oumba anapaka utoto, katundu wawo n'kumayenda, ndipo akakumana naye pamsika ankamufunsa moseka, "Kodi ana anu adzadya dongo?"

Itafika nyengo yothyola masamba oyamba, m'deralo munachitika chikondwerero cholawa tiyi watsopano. Kunabwera mlimi wina wachikulire wa kumapiri, amene analima tiyi moyo wake wonse. Masamba ake anawafulula m'matipoti onyezimira aja. Anthu analawa, n'kuyang'anizana, n'kuika makapu pansi. Mkuluyo anawerama ndi manyazi, n'kunena kuti mwina nthaka yake yatopa, kuli bwino azule mitengo yonse.

Pamenepo mayi uja anatuluka m'gulu, atakulunga tipoti wake m'kansalu. Anapempha masamba pang'ono omwewo. Anadikira madzi kuti azizireko, anathira, anavundikira, kenako anatsanulira m'kapu mpaka dontho lomaliza.

Mlimiyo anamwa. Anamwanso. Kenako anaimirira n'kunena kuti:

"Uyu ndiye tiyi amene ndinabzala ine! Waumba tipoti ameneyu ndani?"

Mayiyo sanayang'ane pansi. Anatambasula manja ake ong'ambika ndi dongo pamaso pa anthu onse.

"Ndine, bambo. Ndi manja awa."

Kapu ija inazungulira bwalo lonse, munthu aliyense kulawako. Mlimi sanazule mtengo ndi umodzi womwe, ndipo alimi a kumapiri anayamba kutsika okha kudzagogoda pakhomo pa mayiyo.

Abale ndi alongo, ife ndife dongo, ndipo anatiumba ndi Mulungu. Dziko limatiuza kuti tidzipake, tioneke ngati ena, tibise kumene tinachokera. Kunja valani bwino, palibe choletsa. Koma mtima musaupake. Mtima wopakidwa chinyengo umanyezimira, koma Mawu a Mulungu akalowamo amangoterereka, n'kutuluka owawa, ndiye anthu amati Uthenga ndi woipa pamene wauwononga ndi ife. Mtima wosabisa kanthu ndi umene Mawu amakhudza, ndipo olawa pa moyo wanu amamva kukoma kwake kwenikweni.

Inu amene mwasekedwa chifukwa chokana kunama, inu amene mwagona ndi njala chifukwa chokana chinyengo, dzutsani mutu. Musachite manyazi kuti ndinu dongo. Amene anakuumbani sachita nanu manyazi.