Chaka Chimene Wirrambie Inatenga Chikho

Aliyense wolowa m'butchala ya a Lindsay Nuske, m'tauni ya Wirrambie, ankadziwa kuti sakatulukamo msanga. Ukapempha nthiti za nkhosa, mpeni unkayenda mwaulesi koma pakamwa pankathamanga, ndipo nkhani inali imodzi chaka chonse: mpira wa kumeneko, woseweredwa ndi manja ndi miyendo yomwe, osewera khumi ndi asanu ndi atatu mbali iliyonse. Mwezi wa February, tirigu atakololedwa, dzuwa likuswa mtengo, m'pamene nkhaniyo inkafika pa mponda chimera, pakuti ndi nthawi imene anyamata ankayamba kukonzekera ligi, ndipo munthu aliyense wa m'tauniyo ankasanduka mlosi.

"A Nuske, ine ndabwerera soseji, ulaliki ndikamva Lamulungu," ankatero mayi Raelene Schodde, amene ankayang'anira khitchini ya ku bwalo masiku a masewero. A Nuske ankaseka, n'kuwonjezera soseji imodzi ya basela, koma ulaliki sunkatha.

Timu ya Wirrambie inali itatha zaka pafupifupi makumi anayi osalawako chikho. Komabe chaka chapitacho inathera pa nambala yachitatu, ndi ana a pakhomo okhaokha: ometa nkhosa, oyendetsa mathirakitala, mphunzitsi wa pasukulu, ndi mwana weniweni wa a Nuske, Travis, amene anali kaputeni. Kochi wawo, a Col Hateley, mlimi wa mawu ochepa, ankati anyamatawo akukhwima, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu chikho chidzabwera chokha. Ochemerera ambiri ankagwedeza mitu movomereza. Koma a Nuske mawu oti zaka zitatu ankawalasa mtima. Mwezi wa Khirisimasi anali atanyamula bokosi la mnzawo wa paubwana, Herb Kalms, amene ankatsamira naye mpanda wa bwalo Loweruka lililonse. Herb ankati chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka analowa nacho m'manda chaka chamawacho. Pochokera kumanda kuja a Nuske anadziyang'ana manja, naona kuti nawonso dzuwa lawapendekera.

Choncho anayamba kufesa mawu m'butchala muja. Aliyense wogula nyama ankamuuza kuti matimu anzeru akuitana osewera a mumzinda, anyamata oti amangobwera pa galimoto Loweruka, kusewera, kulandira yawo n'kubwerera. Ankati Wirrambie yazolowera kugonja ngati mmene munthu amazolowerera nsapato yothina, ndipo chaka chino n'chikho basi, china ayi. Mawu okoma safuna mchere. Pasanathe milungu yambiri, anthu omwe aja ankagwedeza mitu kwa a Col anayamba kugwedezera a Nuske.

Akazi awo, mayi Glenys, anayesa kuwabweza tsiku lina akudya chamasana kuseri kwa sitolo. Anawakumbutsa kuti m'bwalo mumalowa anthu khumi ndi asanu ndi atatu okha, ndipo mlendo aliyense wobwera ndiye kuti mwana wa munthu wina watsala panja.

"Otsalawo ndiye kuti ndi ofooka, mayi a Travis. Mpira si mpingo woti aliyense aimbe nawo kwaya."

"Nanga akadzatsala wanu?"

A Nuske anaseka mpaka kutsamwa. Travis, kaputeni, mwana amene anakulira m'bwalo lomwelo, angatsale bwanji? Mayi Glenys anaimirira. Anasonkhanitsa mbale n'kutuluka.

Pa msonkhano wa timu, m'holo ya ku bwalo, munadzaza anthu kuposa zaka zonse. A Nuske anaimirira nalankhula ngati munthu wolira maliro. Anatchula mayina a anzawo amene anapita asanaone chikho, mmodzimmodzi, mpaka amayi ena anapukuta misozi. Atakhala pansi, a Col anaimirira chipewa chili m'manja. Sanatsutse kuti alendo angathe kupambana. Anangoti timu ya tauni yaing'ono ili ngati mpanda wa nkhosa: ukazula mitengo yako kuti uikepo yobwereka, tsiku limene mwini wake adzaifune udzapeza nkhosa zili pamsewu. Anthu anamvetsera mwaulemu, kenako anakweza manja kumbali ya a Nuske. A Col anatula pansi udindo madzulo omwewo, mosakangana ndi munthu, nabwerera ku munda wawo.

Kochi watsopano anali Dane Mercuri, mnyamata wa mumzinda wolankhula mofulumira, ndipo anabwera ndi anzake asanu ndi atatu, ataliatali ngati mitengo ya magetsi. Kunena zoona, mpira ankautha. Ligi itayamba mu April, Wirrambie inayamba kukolola zigoli ngati tirigu wa chaka chabwino. Magalimoto ozungulira bwalo ankaliza mahutala mpaka mabatire kufooka. M'butchala munkadzaza anthu Lolemba lililonse, ena osagula n'komwe kanthu, kungobwera kudzagwira a Nuske chanza. Iwo anapachika nsalu zobiriwira ndi zoyera za timu pa zenera lonse, moti nyama sinkaonekanso.

Koma pansi pa chisangalalocho panali kanthu kena kakuyenda mwakachetechete ngati chiswe. Anyamata amene anatsitsidwa kupita ku timu yachiwiri anapirira milungu ingapo, kenako anayamba kusowa. Ana awiri a mayi Schodde anakalowa timu ya Dorrigan, tauni yoyandikana nayo, adani a Wirrambie kuyambira kalekale. Mnyamata akachoka sankachoka yekha. Ankapita ndi mkazi wake kapena chibwenzi chake chimene chinkasewera ntchemberembaye pa bwalo la pambali, ndi ana ake a timu ya ana, ndi bambo ake amene ankatchetcha udzu. Loweruka lina khitchini ya ku bwalo inapezeka yotseka, pakuti mayi Schodde anali atapita kukaonerera ana awo. Anthu atadandaula, a Nuske anati opita apite, mbale ikachepa anthu ndiye odya amakhuta.

Pakati pa chaka, Travis analowa m'butchala masana ena, ovolosi yake ili mafuta okhaokha, pakuti ankakonza makina a alimi. Anadikira kasitomala atuluke, kenako anauza bambo ake kuti Dane wamuchotsa mu timu yoyamba. Wati miyendo yake yayamba kulemera, ndipo pali mnyamata wina wochokera mumzinda woti atenge malo ake. Ukaputeni nawo wapatsidwa kwa mmodzi wa alendowo.

A Nuske anaima mpeni uli m'mwamba. Mumtima munawawa ngati mwathiridwa tsabola, ndipo akanafuna, mawu awo akanamveka ku komiti tsiku lomwelo. Koma anakumbukira zimene anakhala akulalikira pa kauntala yomweyo, ndi maso a anthu amene ana awo anatsitsidwa kale. Kubwerera m'mbuyo kunali kudzidya lilime.

"Kochi ndiye akudziwa, mwana wanga. Timu ikupambana. Limba mtima, uchite khama, adzakubwezera."

Travis anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndasewerera timu imeneyi kuyambira ndili ndi mano a mkaka, bambo. Sindinabwere kuti mukandinenerere. Ndimangofuna ndimve ngati zakukhudzani."

A Nuske anatsegula pakamwa, koma belu la pa chitseko linalira, munalowa munthu wofuna nyama yogaya, ndipo iwo anatembenukira kwa kasitomalayo. Pamene ankamaliza kukulunga, Travis anali atapita.

Sanapite ku Dorrigan ngati anzake. Anasewera mu timu yachiwiri mpaka ligi kutha, pamaso pa anthu owerengeka amene ankafika msanga ku bwalo, ndipo sanadandaulepo kwa munthu. Lamulungu ankabwerabe kudzadya kwa makolo ake ndi mkazi wake ndi ana awo awiri, koma nkhani ya mpira ikayamba ankatuluka kukaona galu.

Mu September Wirrambie inafika mu fainolo, ndipo inapambana. Tauni yonse inasamukira ku bwalo la kutali kumene masewerowo anachitikira, ndipo kulira kwa lipenga lomaliza kunapeza a Nuske atagwira mpanda ndi manja onse awiri, misozi ikutsikira m'ndevu. Anthu anawanyamula m'mwamba, nawalowetsa m'bwalo, nawapatsa chikho kuti achigwire. Chinali chopepuka kuposa mmene ankaganizira. Anayang'ana nkhope za anyamata ovala mendulo, kufuna woti amukumbatire, koma ambiri anali anthu oti sankadziwa ngakhale mayina a makolo awo. Mmodzi wa iwo anawasisita paphewa.

"Mwasangalala, madala? Tibwerekeni kaye chikhocho tijambulitse."

Travis anali kunja kwa mpanda, atavala malaya wamba, mwana wake wamkazi ali paphewa. Anaomba m'manja monga wina aliyense. Bambo ake atamufikira, anawagwira chanza nawayamikira kuti zimene ankafuna zatheka. Kenako, mosakweza mawu, anawauza kuti wapeza ntchito ku migodi ya kumadzulo, kutsidya lina la dziko, ndipo banja lonse linyamuka tirigu asanakololedwe. Anati chimene chinkamusunga ku Wirrambie sichinali ntchito ya makina, pakuti makina ali paliponse.

Alendo aja anachita phwando usiku umodzi, m'mawa mwake anakwera magalimoto awo. Travis ananyamuka mu November. Mayi Glenys anaima pamsewu mpaka fumbi la galimoto litatha, ndipo atalowa m'nyumba sananene mawu oti ndinakuuzani. A Nuske akanakonda akananena, chifukwa chete wawoyo ankalemera kuposa chipongwe.

February wotsatira, a Nuske anatseka butchala msanga kuti akaone tsiku loyamba la zokonzekera. Anapeza anyamata asanu ndi anayi akuponyerana mpira pakati pa bwalo louma, awiri mwa iwo ana a sukulu. Dane anali atatumiza uthenga woti timu ina ya kumpoto, yanjala ya chikho ngati mmene inalili Wirrambie, yamuitana pamodzi ndi anzake onse. Akomiti anayenda khomo ndi khomo kupempha ana a pakhomo kuti abwerere. Ena anakana mwaulemu, ena anangoseka. Mwana wamkulu wa mayi Schodde anati ku Dorrigan anamulandira pamene kwawo anamutaya, ndipo munthu sasiya nyumba imene inamutsegulira chitseko. A timu ya ntchemberembaye nawo anali osakwana. Udzu wa pa bwalo unayamba kumera m'mizere yoyera.

A Nuske anapita okha ku munda wa a Col, ulendo umene unawatengera masiku ambiri kuti aulimbe mtima. Anawapeza akukonza mpope wa madzi a nkhosa. Anayamba ndi za nyengo, za mitengo ya ubweya, kenako anafika pa chimene anabwerera: ngati a Col atabwerera, mwina anyamata angawatsatire.

A Col anapukuta manja pa buluku, nayang'ana kutali.

"Achimwene, ndikanakonda. Koma anyamata aja ndinawalera zaka khumi kuti afike pamene anafika. Zaka khumi zina ndilibe, ndipo ana oti ndiwalere m'tauni muno mulibe. Apita ndi makolo awo."

Sanakalipe, ndipo anawaperekeza mpaka pa geti.

Msonkhano womaliza unachitikira m'holo yomwe ija, koma mipando yambiri inali yopanda anthu. Nkhani inali imodzi: timu ya Wirrambie iphatikizane ndi ya Dorrigan, masewero onse azichitikira ku Dorrigan, ndipo zobiriwira ndi zoyera zisiyidwe. Panalibe njira ina, pakuti ligi siilola timu yopanda osewera. Wapampando atafunsa ngati pali wofuna kulankhulapo, mitu yonse inatembenukira kwa a Nuske, munthu amene sankasowa mawu. Iwo anangoyang'ana pansi. Nthawi yokweza manja itakwana, dzanja lawo linakwera mochedwa ngati likunyamula mwala. Palibe amene anawaloza chala, chifukwa ambiri mwa okhala m'holomo anali atakweza nawo manja chaka chapitacho.

Potuluka, wapampando anawafunsa ngati angasunge chikho chija ku butchala, popeza holoyo itsekedwa ndipo ku Dorrigan sangachifune. Anachinyamula m'manja mpaka kunyumba, nachiika pa tebulo la m'khitchini. Mayi Glenys anali akulongedza chikwama, pakuti m'mawa mwake ankanyamuka kukaona adzukulu, ulendo wa basi ndi ndege, ndipo sankadziwa kuti akakhalako nthawi yaitali bwanji. Anachiyang'ana chikhocho, kenako amuna awo.

"Ndikamuuze chiyani mwana wanu?"

A Nuske anakhala pansi. Anaika manja pa mawondo.

"Mukamuuze kuti zinandikhudza," anatero. "Zinandikhudza tsiku lomwe lija."

Chikho anachipeza ndithu, ndipo palibe angawalande dzina loti ndiwo anachibweretsa ku Wirrambie. Koma chinabwera ndi zake zimene iwo sanafune kuzimva pamene anzawo ankawachenjeza: bwalo lopanda osewera, tauni yopanda Loweruka, ndi nyumba yopanda phokoso la ana. Munthu ukamapempha chinthu ndi mtima wonse, uzifunsanso chimene chidzabwere nacho pambuyo, pakuti akulu akale sananame pamene anati walira mvula walira matope.