Mudzi Wopanda Oyendayenda

Panali munthu wina wodziwa masamu, m'masiku amene mliri wa chifuwa unkasesa anthu. Masamu ake sanali awa owerengera milu ya tomato ayi. Anali masamu a zilembo, amene ine ndinakhoza pa Fomu 4 anyamata onse m'kalasi akungoluma zolembera.

Akuluakulu a zaumoyo anamutuma kudera lina ndi katemera wokwanira anthu 200 okha, pamene midzi inalipo isanu. Ntchito yake inali kupeza midzi imene ikufunika katemerayo msanga, ndi anthu oyenera kuyamba kubayidwa.

Nzeru yake inali iyi, ndipo mutchere khutu chifukwa ine sindibwereza. Wodwala mmodzi akapatsira atatu, atatuwo apatsira asanu ndi anayi, iwonso apatsira 27. Mwezi usanathe mudzi wonse uli gone. Koma mukabaya amene amakumana ndi anthu ambiri, otsalawo n'kumakhala motalikirana, matenda amasowa poponda. Choncho kompyuta yake inkafuna nambala imodzi pamudzi uliwonse: anthu osakhazikika pakhomo alipo angati?

Vuto linali pakamwa. Munthuyo anakulira kunja, ndipo Chichewa chake chinali chotola m'njira. Anafika m'mudzi wina atavala masiki, nayamba kuodira khomo ndi khomo.

"Amayi, kodi inu mumayendayenda?"

Mukuseka chifukwa mukudziwa kuti woyendayenda ndi uja wosakhulupirika m'banja. Iye sankadziwa.

Mayi woyamba anamuthamangitsa ndi tsache. Wachiwiri analowa m'nyumba n'kutuluka atanyamula yunifolomu ya kutchalitchi. Abambo ankayankha mokweza kuti akazi awo amve kukhitchini: "Ine? Olo tsiku limodzi!" Iye ankangolemba ziro, ziro, ziro.

Loweruka anasonkhanitsa anthu pabwalo la sukulu.

"Ndakuyamikirani," anatero. "Chiyambire ntchito sindinaone mudzi wotere. Muno mulibe woyendayenda ngakhale mmodzi. Kompyuta yati mliri sungafale muno. Katemera ndipita naye kumidzi ina."

Anthu anawomba m'manja. Amayi analulutira. Ena anapempha kuti zimenezi zikanenedwe pa wailesi, midzi inayo imve.

Pagulupo panali mayi wina wogulitsa kaunjika, amake Lunia. Mwamuna wake anali mkulu wa mpingo, wodwala mphumu, woti akangogwidwa ndi chimfine banja lonse limayamba kupemphera. Mayiyo anayang'ana bokosi la katemera likukwezedwa m'galimoto. Anayang'ana mwamuna wake akuwomba m'manja uku pachifuwa pakulira likhweru. Kenako anaimirira, namanga chitenje.

"Achimwene, fufutani ziro wanga uja. Ine ndimayendayenda."

Chipewa cha mkulu wa mpingo chinagwa pansi, osachitola.

"Amake Lunia! Pagulu pano?" anakuwa mwamuna wakeyo.

"Lolemba ndili msika uwu, Lachitatu msika wina, Lachisanu ndili m'tauni kukapikula. Sabata ino yokha anditenga amuna asanu ndi awiri."

"Mayo ine!"

"Akabaza, bambo, khalani pansi. Ndipo inunso mumayendayenda kuposa ine. Ndi maliro ati amene simunagoneko chaka chino? Manja angati mumagwira Lamulungu lililonse?"

Apa ndi pamene munthu wamasamu uja anazindikira zimene anakhala akufunsa akazi a eni sabata yonse. Thukuta linamunyowetsera masiki. Anatsitsa bokosi, natsegulanso kompyuta, n'kufunsa ndi mawu otsika kuti aliyense amafika kuti, ndipo amakumana ndi angati.

Manja anayamba kukwera. Wachigayo, akabaza, aphunzitsi, ophika kumaliro, amayi a pamjigo. Nambala italowa, kompyuta inasonyeza kuti m'midzi yonse isanu, mudzi umenewu ndiwo ukanayamba kugwa. Katemera wambiri anatsala pompo. Mabenchi a m'tchalitchi anawatalikitsa, ndipo pamjigo anagawana maola otungira madzi. Woyamba kubayidwa anali amake Lunia. Wachiwiri anali mwamuna wake, amene anapereka mkono atayang'ana kumbali.

Mliri unafika ndithu, koma unadutsa mopepuka. Mkulu wa mpingo uja alipo mpaka lero, ndipo akadakwiyabe.

Tsono amayi anzanga, masamu ali ngati chigayo. Mukathira gaga musadikire ufa woyera. A zaumoyo akabwera pakhomo panu ndi mafunso, musayankhe kuti oyandikana nawo akutameni. Yankhani kuti mukhale ndi moyo. Mbiri yabwino ndi yokoma, inde, koma imakoma kwambiri mwini wake akuimva yekha, osati ikuwerengedwa pamanda. Ndipo inu amene munaphunzira ngati ine, ngakhale ndikuona kuti muno tilipo ochepa, musanafunse mudzi wonse funso, kaliyeseni kaye pa mlamu wanu. Akakutolerani tsache, lisintheni.