Makhadi Asanu ndi Limodzi a Katakwe

Kuseri kwa shopu ya wometa tsitsi kunali chipinda chopanda windo, chonunkha fumbi lotentha ndi thukuta la anthu. M'menemo munali makompyuta asanu ndi imodzi ondandalikidwa kukhoma, iliyonse ndi mpando wake wapulasitiki, ndipo anthu ankalipira pa ola kuti asewere magemu. Mwini malowo anali bambo wina wa imvi zongoyamba kumene, amene aliyense ankamutchula kuti Katakwe, chifukwa pa unyamata wake panalibe womugonjetsa pa gemu ina yowomberana. Chipindacho anachitsegula mothandizana ndi mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, munthu wofatsa woyendetsa galimoto yonyamula katundu.

Chimene chinkadyetsa malowo si makompyuta ayi, koma gulu la osewera asanu amene ankabwera akaweruka kuntchito. Mtsogoleri wawo anali mtsikana wogulitsa mankhwala m'famase, amene anzake ankamuti Kaputeni. Gululi likakhala pansi, chipinda chinkadzaza ndi oonerera, ndipo oonererawo ndi amene ankatsala n'kumalipira maola awo. Katakwe ankadziwa bwino kuti asanuwo akadzasamuka, malowo adzatsala chigoba.

Tsono kunabwera gemu yatsopano, ndipo mpikisano wake wa pa intaneti unalengezedwa. Apa m'pamene panagona nkhani. M'mimba mwa kompyuta yosewerera mumakhala khadi la zithunzi, kachipangizo kokhala ndi fani yakeyake, kamene kamajambula zonse zooneka pa sikirini. Khadi likakhala lofooka, gemu imachita chibwibwi: munthu ukuthamanga, mwadzidzidzi chithunzi chaima, chikamadzayambanso kuyenda wafa kale. Makhadi a m'chipindamo anali atatopa kotheratu, moti gemu yatsopanoyo ankangoyitsegula n'kuitseka.

"Akatakwe, ife sitikufuna kuchoka pano," anatero Kaputeni tsiku lina akuvala chikwama. "Koma mpikisano uli mwezi wamawa. Tipezereni makhadi otha kunyamula gemuyi, ngakhale otchipa."

Loweruka m'mawa Katakwe ndi mlamu wake anapita kwa wogulitsa zida za makompyuta. Wogulitsayo anayala makhadi awiri pa kauntala, onse a gulu lotchipa, lija amagula anthu opeza movutikira. Lina linali latsopano, laling'ono, losadya magetsi ambiri. Linalo linali la mtundu wakale, lotsalira m'bokosi kuyambira kalekale. Katakwe ataliona maso ake anawala ngati wakumana ndi mnzake wa kusukulu. Linali la mtundu womwe uja anapambanira nawo mipikisano masiku ake.

"Ndalama mwabweretsazi zikwana atatu atsopano, kapena asanu ndi limodzi akalewa," anatero wogulitsa. "Akalewa ndi olimba, sindinganame. Koma okonza magemu anayamba kuwaiwala. Atsopanowa ali ndi nzeru zina zothandiza gemu za masiku ano kuti ziziyenda mosadodoma."

"Nzeru zake ziti?" anaseka Katakwe. "Khadi ili ine ndinagwetsa nalo amuna a ndevu. Kanthu kanu aka kakuchita ngati sopo wa m'hotela."

Mlamu wake anakanda pamutu. "Alamu, bwanji titenge atatu atsopanowa? Ena atatu tidzawonjezera pang'onopang'ono."

"Gulu lili ndi anthu asanu, inu mukuti atatu. Awiri enawo azisewera pa chiyani, pa chikhatho? Ndipo mipando itatu izingokhala yopanda anthu ngati pamaliro a mfiti?"

"Akhoza kumasinthana pophunzira. Pa tsiku la mpikisano tikabwereka awiri."

"Ine kubwereka? Mlamu, inu dziwani za matayala. Za makhadi ndisiyireni."

Wogulitsa, posafuna kuti adzamunene pambuyo pake, anapereka nzeru yabwino. Anati alumikize makhadi onse awiri pa makompyuta a m'shopumo, ayese, maso adzionere okha. Katakwe anavomera msangamsanga. Koma wogulitsa asanatsegule gemu yatsopano ija, bamboyo anapisa m'thumba n'kutulutsa fulashi yake yokhala ndi gemu yakale, yomwe ija inamupatsa dzina.

"Tiyesere iyi. Iyi ndiye ndimaidziwa mpaka kupuma kwake."

Zala zake zinavina pa kiyibodi, ndipo pa makompyuta onse awiri gemuyo inayenda myaa, popanda kusiyana ngakhale pang'ono. Zikanalephera bwanji? Gemu ya zaka zimenezo ngakhale khadi lodwala likhoza kuinyamula. Kunali ngati kuyesa mphamvu za amuna awiri powanyamulitsa mtsamiro. Koma Katakwe anaimirira chifuwa chili patsogolo.

"Mwaona? N'chimodzimodzi! Ndiye ndilipire kawiri chifukwa cha bokosi lonyezimira?"

"Alamu, ana aja sasewera imeneyi," anatero mlamu wake motsitsa mawu. "Tiyeseko yawoyo, n'kanthawi kochepa."

"Gemu ndi gemu. Mfuti ndi yomweyo, kuthamanga n'komweko. Longedzani sikisi."

Wogulitsa anayang'ana mlamuyo, mlamuyo anayang'ana pansi. Mawu onse anali atalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Munthu wouma mutu ndi wovuta, koma woumitsitsa ndi amene anakhozapo kamodzi, pakuti amayesa kuti dziko linaima tsiku limene anaomberedwa m'manja.

Lolemba madzulo gulu linafika ndi chimwemwe. Gemu yatsopano inatseguka ndithu, ndipo Katakwe anayang'ana mlamu wake ndi diso lonena kuti ndinakuuzani. Chimwemwecho sichinakhalitse. Pamene osewera anali kuyenda okha m'bwalo la gemuyo zonse zinali bwino, koma adani akangotulukira, utsi n'kufuka, zithunzi zinkayamba kudumphadumpha. Mafani ankalira ngati chigayo, ndipo chipinda chopanda windo chija chinasanduka uvuni.

"Akatakwe, ikudodoma," anadandaula Kaputeni.

"Ndi intaneti imeneyo."

Mawa lake anati ndi magetsi ofooka. Mkuja wake anati ndi mausi, mpaka anagula ina. Kenaka anayamba kunena osewerawo, kuti ana a masiku ano zala zawo n'zaulesi, amafuna makina awasewerere. Kaputeni anameza mawuwo chifukwa cha ulemu. Anatsitsa zonse zokongoletsa gemuyo kuti khadi lipepukidwe, mpaka nkhope za adani zinkaoneka ngati zoumba ndi dothi, moti mdani wobisala patali sankasiyana ndi chitsa. Ngakhale zinatero, chibwibwi sichinathe.

Mlamu anayesanso kumutsina khutu. "Nthawi ikadalipo, alamu. Tibweze awiri, tiwonjezere pang'ono, titenge ngakhale limodzi latsopano la Kaputeni."

"Kuti wogulitsa uja akandiseke? Ndife kaye."

Tsiku la mpikisano chipinda chinadzaza mpaka anthu ena anaima m'shopu ya wometa, amene anazimitsa makina ake kuti naye aone. Gulu la Kaputeni linayamba bwino, pakuti luso linalipo. Koma pa chigawo chomaliza, pamene Kaputeni anatsala yekha ndi mdani mmodzi, mdaniyo anaponya bomba la utsi. Sikirini inaima. Inaima kanthawi kongokwanira kuphethira kawiri, ndipo itayambanso kuyenda, munthu wa Kaputeni wa m'gemumo anali atagona chafufumimba. Mafani aja anapitirizabe kulira.

Kaputeni anavula mahedifoni pang'onopang'ono n'kuwaika pa tebulo. Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwinoko. Maso ake anali ofiira.

"Tinakonzekera mwezi wonse, Akatakwe. Ndinkapempha anzanga kuntchito kuti andigwirire maola. Sanatigonjetse anthu aja ayi."

Katakwe anatsegula pakamwa kuti anene za intaneti, koma anthu onse anali kumuyang'ana, ndipo anangotembenuka n'kuyamba kuzimitsa makompyuta.

Sabata yotsatira asanu aja sanabwere. Zinamveka kuti apeza malo ena kutsidya kwa msewu waukulu, kachipinda kakang'ono ka makompyuta anayi okha, koma onse a makhadi atsopano otchipa omwe aja. Ankasinthana mipando mosadandaula. Oonerera anawatsatira mmodzimmodzi, monga zimakhalira. Kwa Katakwe kunkangobwera mmodzi kapena awiri osadziwa, n'kusewera theka la ola, n'kutuluka akupukusa mutu. Mipando isanu ndi umodzi imene ankaopa kuti itatu ikhala yopanda anthu, tsopano inali yopanda anthu yonse.

Msomali womaliza unakhomedwa ndi eni gemu. Anatulutsa gawo latsopano, ndipo m'mawa wina Katakwe atayatsa makompyuta, onse analemba uthenga umodzi: khadi ili silingathenso kuyendetsa gemuyi. Anayenda kuchokera pa sikirini yoyamba mpaka yomaliza akuwerenga mawu omwewo, ngati kuti ina imumvera chisoni n'kunena zosiyana.

Mlamu wake sanamunyoze. Anangobwera madzulo ena, n'kukhala pa umodzi wa mipando ija, n'kunena kuti iye akutulukamo mu bizinesiyo. "Si ndalama ayi, alamu. Ndatopa kulankhula ndi khoma." Kunyumba nako mkazi wa Katakwe analeka kufunsa za kuntchito, ndipo kusafunsako kunkamuwawa bamboyo kuposa mafunso. Mwezi utatha, wometa ananena mwaulemu kuti chipindacho achifuna, aikemo mipando yochapira tsitsi la amayi.

Katakwe anamasula makhadi onse, n'kuwapukuta fumbi limodzilimodzi ndi kansalu, n'kuwalongedza m'katoni. Anawanyamula yekha wapansi mpaka kwa wogulitsa uja, manyazi atawasiya kunyumba.

"Ndabwera nawo. Onse ndi amoyo, palibe lakufa ngakhale limodzi. Ndipatseni ndalama iliyonse imene mungathe."

Wogulitsa anasuzumira m'katonimo, koma sanagwire ngakhale limodzi. "Ndikudziwa kuti ndi amoyo, bambo. Vuto si limenelo. Ndikawatenga ndigulitsa kwa yani? Aliyense wolowa pakhomo apa amayamba n'kufunsa ngati khadi likunyamula gemu ija."

"Komatu khadi limeneli linali mfumu," anatero Katakwe.

"Linali," anavomera wogulitsa. Kenaka anatembenukira kwa kasitomala wina amene anali kudikira.

Katakwe anatuluka n'kuima pakhonde la shopuyo, katoni ili m'manja, osadziwa kolowera nayo. Zinali zomvetsa chisoni kumuona. Sananamizidwe ndi munthu, ndipo makhadiwo sanamunamize. Anachita zonse zimene ankatha masiku awo, koma masiku awowo anali atapita. Iye ndi amene anapita kumsika kukagula dzulo lake, n'kulipira ndi malo amene ankadyetsa banja lake. Chinthu chikhoza kukhala kuti chinaluma lilime kale, anthu n'kuchitama, koma ndiwo za lero zimafuna zokometsera za lero. Akuluakulu sananame pamene anati tsabola wakale sawawa.