Amene Anadya Chiwindi

Dafuleni, wootcha kanyenya pamsika, anamangidwa pomuganizira kuti anagulitsa nyama ya mbuzi yobedwa. Kupolisi, Sajeni Chimtengo anaika chibonga patebulo.

"Uvomere lero lomwe. Apo ayi, khanda lako lija udzaliona litayamba sukulu."

"Bwana, mbuziyo ndinachita kugula."

"Sindikufuna nthano. Vomera!"

Pomwepo analowa mayi Nachuma, mkulu wa polisiyo, n'kuima pakona kuti amve. Dafuleni anapukuta thukuta.

"Chabwino, ndinena zonse. Koma mulembe bwino, chifukwa kukhoti adzafunsa kumene nyamayo inapita."

Sajeni anamwetulira, n'kutenga cholembera.

"Miyendo anagula anyamata a kabaza. Nthiti anatenga mayi wogulitsa tomato. Tsono chiwindi chimadyedwa ndi munthu mmodzi yekha. Amabwera masana atavala yunifolomu, salipira, ndiponso amandikalipira tsabola akachepa. Tsiku limenelo anatenganso mutu kuti akaphike kwawo. Dzina lake ndi..."

"Ima pomwepo!" Sajeni anadzuka mpaka mpando kugwa. "Malamulo a dziko lino akukupatsa ufulu wokhala chete! Palibe angakukakamize kuulula kanthu!"

"Zoona, bwana? Ndiye ndakhala chete."

"Komanso umboni palibe," Sajeni anauza mayi Nachuma uku akutsegula chitseko. "Munthuyu azipita kwawo."

Dafuleni anatuluka osacheuka. Sajeni atati amutsatire, mayi Nachuma anatseka chitsekocho, n'kutola cholembera chija.

"Khalani pansi, a Chimtengo. Ufulu wanu sindikuuzaninso, mwaunena kale nokha."